Timabotolo Tiwiri ta Nicanor

Nicanor Maidana anafika dzuwa lisanakalipe,
matope a m'dambo la Iberá ali mpaka m'mawondo,
kavalo akupumira m'mwamba pachipata.
Anamasula mpango wa m'khosi patebulo langa.
Munali timabotolo tiwiri ta magazi.

Aka nka Paloma, anatero, wafa usiku.
Mkodzo unachita kufiira ngati vinyo,
mutu akugunditsa pamtengo wa mpanda
ngati muli china chofuna kutuluka.
Aka nka Tuerta, wa diso limodzi uja.
Anatentha thupi masiku awiri, lero akudya msipu.
Dambo limodzi, adokotala. Nkhupakupa zomwezo.
Tandiuzani.

Ndinapaka magazi pagalasi, ndinadonthezera utoto.
Pansi pa diso la makina
mlendo anali yemweyo konsekonse,
timadontho tiwiritiwiri togundana kumchira,
tili phee m'kati mwa maselo ofiira.
Babesia. Nkhope imodzi.
Ndikanalumbira kukhoti kuti ndi mapasa.

Makina akutawuni anatenga milungu itatu
kuwerenga kalata imene kachilombo kamabadwa nayo.
Zilembo zake nzinayi zokha,
koma zimabwerezana kupitirira mamiliyoni asanu ndi atatu.
Ndinayala makalata awiriwo pakompyuta usiku,
udzudzu ukulira kukhutu,
nkumatsata ndi chala ngati mwana wa sukulu.
Mofanana, mofanana, mofanana,
kenaka apa chilembo chasintha,
uko mzere wathunthu wabwerezedwa,
kwina kwasowa kachidutswa.

Mwa Paloma simunali kachilombo kamodzi.
Munali khamu, abale a mimba zosiyana,
ena odziwa kupaka selo ulimbo
kuti likakamire m'timitsempha ta ubongo,
lisafike ku kapamba kumene magazi amasefedwa,
ena osintha malaya thupi likangoyamba kuwazindikira.
Mwa Tuerta khamu linali lochepa,
ndipo ambiri anali aulesi.

Koma chilembo chimene chinapha nchiti?
Ndinalemba mayina khumi ndi anayi papepala.
Pofika m'mawa ndinali nditafufuta asanu,
otsalawo ndikuwakayikirabe mpaka lero.
Mwinanso mlandu suli pa kachilombo kokha.
Paloma anabwera palole kuchokera kumwera kozizira,
nkhupakupa sanaidziwe ali thole.
Tuerta anayamwa m'dambo momwemo.

Katemera wathu timamupanga ndi mdani yemweyu.
Timamudutsitsa m'thole, kuchoka apo m'thole lina,
kakhumi, kawirikizanso,
mpaka aukali atatsalira m'njira
nkufika ofatsa okhaokha.
Ndimawasunga mufiriji, ndimawalemba tsiku.
Sindiwakhulupirira kwenikweni.
Wofatsa ukamuyendetsa njira ina
nthawi zina amakumbukira mano a agogo ake.

Nicanor anabweranso Lachinayi.
Anathira madzi otentha m'chikho cha mate,
anayamwa kaye yekha, kenaka anandipatsira.
Ndinafotokoza zonse, ulimbo, malaya, khamu.
Anamvetsera akuzunguza chipewa pabondo.

Ndili ndi anyamata awiri, anatero.
Mayi mmodzi, mbale imodzi.
Eusebio amagona kukhola ng'ombe ikadwala.
Fermín ali kundende ku Goya, nkhani ya mpeni.
Ndikakubweretserani magazi awo
mungandipezere pamene panalakwika?

Ndinayamba kuseka. Iye sanaseke.
Ndinati makina anga sadziwa zimenezo,
ngakhale za Paloma angondiuza theka.
Anagwedeza mutu ngati munthu
amene wamva mtengo umene ankauyembekezera.

Kenaka anafunsa za katemera wa mathole makumi anayi,
ngati angalipire theka atagulitsa zikopa.
Ndikulemba lisiti ndinaona nkhupakupa
ikukwawa pamkono wa malaya ake,
yaing'ono, yosakhuta, ikufuna pofewa.
Ndinaitola ndi kapanilo nkuiponya m'botolo lachitatu.
Imeneyo musandilipiritse, anatero.